Buku la ku Zomba Lalowa M'chigafa

Loweruka, 2 Epulo 2011

Nkhani yabwino ku koleji kwathu ku Kasungu. Mayi Perpetua, oyang'anira laibulale, atisonkhanitsa tonse aphunzitsi ophunzira Loweruka. Koleji yathu yalowa mu mgwirizano wa malaibulale a makoleji a dziko lonse. Buku lomwe kuno kulibe, koma lili ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Blantyre, angathe kutiitanitsira. Pa makompyuta atatu aja tiziwerenganso kafukufuku wa akatswiri akunja. Khadi lathu lomweli tingalowe nalo m'laibulale ya koleji ina iliyonse ya mumgwirizanowu.

Ine pakamwa yasa. Zaka ziwiri ndikulimbana ndi mabuku a 1978, ena chiswe chinadya mutu wonse. Kafukufuku wanga wa momwe ana a Sitandade 1 amaphunzirira kuwerenga otiphunzitsa anandibwezera kawiri. Akuti maumboni anga ndi okalamba kuposa ine.

Chenjezo lilipo. Atiika poyesedwa miyezi isanu ndi umodzi. Buku likasowa kapena likabwerera lowonongeka, atichotsa. Mayi Perpetua akuti, "Ndinagwada zaka zitatu kuti atilole. Musandichititse manyazi." Ndalembetsa buku langa. Dzina loyamba pa mndandanda: Ennie.

Loweruka, 9 Epulo

Lafika! Pa basi, m'envulopu yakhaki, chidindo cha ku Zomba pachikuto. Masamba 312, oyera mbee. Lobweza Lachisanu pa 29. Buku loyamba kubwerekedwa ndi koleji yathu, ndipo lili m'manja mwa ine mphunzitsi wa ku Santhe. Pa minibasi ndalifungatira ngati khanda.

Amuna anga a Lucious ndinawapeza pa chigafa, akusankha fodya. Analiyeza m'dzanja. "Aphunzitsi, mwandibweretsera mwamuna mnzanga?" Iwo sukulu analekeza Sitandade 6, ndiye chilichonse cha mabuku amachiseka. Aseke, ine ndili pa mutu wachiwiri.

Lachitatu, 13 Epulo

Mayo ine! Ndalakwanji?

Mvula ya mu Epulo, yopanda ndi bingu lomwe. Yandipeza pa njinga ndikuchokera kusukulu, pa dambo pomwe, popanda ndi mtengo wousapo. Buku m'chikwama chansalu. Pofika pakhomo latupa ngati bumunda. Masamba amatirirana, chikuto chapindika.

Ndalira, sindibisa. Ndimaona nkhope ya Mayi Perpetua. Anzanga makumi anayi atsekeredwa khomo chifukwa cha ine, wonyamula buku la eni ake mu nsalu.

Ndimati ndiliyanike pamoto. A Lucious anandilanda. "Tsamba saliumitsa ndi moto kapena dzuwa, limakhwinyata. Tandipatsani, masamba ndi ntchito yanga." Ndinakalipa kuti buku si fodya. Anangolowa nalo m'chigafa.

Lachisanu, 15 Epulo

Koma abambo awa! Alipachika pa mkangala woyanikapo fodya, masamba akuloza pansi, pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa fodya wawo. Pa ola lililonse akumalitsitsa, n'kumalekanitsa masamba limodzilimodzi ndi nsonga ya udzu. Zala zija zosagwira bwino cholembera, koma palibe tsamba lang'ambika. Fodya wawo wadikira masiku awiri osasankhidwa.

Apongozi, a Aloysius, anabwera kudzaona. Anangopukusa mutu. Akuti chibadwire sanaonepo fodya wa Chingerezi.

Mayi Perpetua sindinawauze. Foni ndikuyiopa.

Lolemba, 18 Epulo

Lauma. Zilembo zonse zilipo. Koma masamba ali mafundemafunde, buku lanenepa kawiri. A Lucious akuti zimenezo n'zazing'ono. Mawa mmamawa alisiya panja pang'ono kuti lifewe ndi chinyezi, monga amachitira ndi fodya asanamudinde, kenako lilowa mu jeke wodindira mabelo. "Jeke amawongola makilo zana, angalephere kabuku?"

Mtima wayamba kutsika. Ndaphika mpunga.

Lachiwiri, 19 Epulo



A Lucious analiika pakati pa makatoni awiri, n'kulikwirira pakatikati pa fodya mu jeke kuti chitsulo chisalipweteke. Anamanga jeke, n'kupita ku msonkhano wa kalabu ya alimi. Sanauze munthu. Apongozi pobwera anapeza belo lodindidwa kale, chiguduli chili apo, zingano ili apo. Mukudziwa iwo, sangaone belo losasoka n'kudutsa. Asoka. Adinda ena anayi ndi anzawo, asoka. Uthenga utafika woti lole ya kalabu inyamula mawa, akweza onse asanu pa ngolo, ulendo ku depoti ku Santhe.

Ine pobwera kusukulu, jeke ali mbee. Ndinafunsa buku. Apongozi akuti, "Buku lanji, mayi?"

Buku la ku Zomba likupita ku okushoni ku Lilongwe! Ndipo mabelo onse ndi ofanana, sakudziwa loyamba ndi liti.

Ndinayankhula zambiri, zina zosayenera kunena mkazi kwa mwamuna wake pamaso pa apongozi. A Lucious anangokhala pa mpando wa njinga. Lole imeneyi ayidikira masabata atatu, dizilo akusowa dziko lonse. Ikawasiya, ina sitidziwa idzabwera liti. Ndikudziwa zimenezo. Sindinawapemphe kanthu.

Lachitatu, 20 Epulo

Tambala woyamba, ndinamva a Lucious akutulutsa njinga. "Tiyeni, Aphunzitsi. Tengani mpeni ndi zingano."

Ku depoti anthu mbwee, lole yafika kale. A Lucious anakokera mabelo athu pambali n'kuyamba kutumbula. Anzawo kuseka. Wina akuti mwaiwalamo ndalama? Wapampando wa kalabu anakalipa kuti lole sidikira munthu. Loyamba, mulibe. Lachiwiri, mulibe. Fodya amene anamusanja bwinobwino ali balala pa lona. Belo lachitatu lili pakati, lole inaliza hutala n'kunyamuka. A Lucious sanatembenuke n'komwe.

Linali mu lachinayi.

Ambuye! Lathyathyathya, lowongoka ngati lasitidwa. Kuposa momwe linabwerera. Banga laling'ono lachikasu m'mphepete mwa masamba, basi. Koma fungo! Fodya yekhayekha.

Ndinalira pamaso pa anthu onse aja. A Lucious akuti, "Musalire pa buku, mungalinyowetsenso."

Tabwerera ndi mabelo pa ngolo. Njira yonse ndinawagwira malaya basi.

Lolemba, 25 Epulo

Isitala yonse ndawerenga. Mitu inayi ndalemba, maumboni a 2008. Abweze tione.

A Lucious ndi apongozi akudindanso mabelo aja. Za lole palibe chomveka. Ndikawafunsa akuti fodya wouma sathawa. Koma ndimawaona akuyang'ana kumsewu.

Dzulo anandifunsa kuti ndili pa tsamba lanji. Ndati 240. Akuti, "Ine ndinalimaliza kale, onse 312 ndinawagwira. Mukuchedwa, Aphunzitsi."

Lachinayi, 28 Epulo

Ndabweza, kutatsala tsiku limodzi. Ndaulula zonse, kuyambira pa dambo mpaka ku depoti. Mayi Perpetua analitsegula tsamba ndi tsamba. Analinunkhiza, n'kuyetsemula. Kenako kuseka mpaka kupukuta magalasi. Koma akuti sabisa kanthu, alemba kalata yofotokoza za mvula ndi bangalo, a ku Zomba aweruze okha. Mtima uli m'mwamba.

Ndisanachoke anandikhazika pa kompyuta. Ndinalemba mawu atatu, panatuluka zolemba mazanamazana. Zonsezi zinali kuti zaka zonsezi?

Loweruka, 14 Meyi

Yankho labwera. Buku alilandira, bangalo si mlandu. Tikadali mu mgwirizano! Munthu wa ku laibulale ya ku Zomba wawonjezera ndi cholembera pansi pa kalata kuti aliyense wolitsegula adziwa kuti linakacheza ku Kasungu. Pa mndandanda wa Mayi Perpetua tsopano pali mayina khumi ndi asanu ndi awiri. Mnzanga Anesi waitanitsa la masamu kuchokera ku Mzuzu. Ine ndalembetsa lachiwiri.

Mabelo athu anapita Lachitatu, patatha masabata atatu. Mtengo sitinamve.

Pofika kunyumba ndapeza chinthu pa tebulo. Chikwama. Asoka a Lucious ndi zingano ya mabelo, kunja chiguduli, mkati pulasitiki ya m'thumba la feteleza wa makuponi, pakamwa popinda kawiri kuti dontho lisalowe. Misoko yokhotakhota, koma ndathira madzi kapu yonse pamwamba, mkati gwa.

Vuto kukula. Mungalowe mabuku asanu ndi limodzi. Ndati, bambo, chachikulu chonchi n'chachiyani, buku ndi limodzi?

Akuti, "Si munati atitsegulira malaibulale a dziko lonse?"

Atitsegulira. Osati akutsegulirani. Anatero, ndinamva bwino.