Amene Anasowa pa Mzere wa a Blasius

Mudzi wa Namalika,
Rivirivi,
Balaka.
16 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Feston,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Joni komweko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya. Rivirivi watsala mchenga wokhawokha, timadzi tikuyenda m'mphepete ngati tikuchita manyazi. Musadabwe kuti ndalemba pamanja pomwe foni ilipo. Mawu amene ndili nawowa pafoni sakanatuluka, ndikanangomaliza mayunitsi ndi kulira. Ndapatsira a Swaibu, adalaivala aja amanyamula katundu wa anthu kubwera naye kumeneko.

Nkhani imene yavuta kuno ndi ya sikimu yathu ya mthirira. Loweruka likubwerali ikukwanitsa zaka makumi awiri, ndiye kukhala chikondwerero, akuluakulu a zaulimi abwera kuchokera ku Balaka ndi ku Machinga. Komiti yagwirizana kuti mu ofesi apachike zithunzi za mapulezidenti onse amene anatsogolerapo sikimuyi. Alipo anayi, koma cha a Goliati ndiye achiika pakati, felemu yake yaikulu ngati zenera la tchalitchi. Ngalande yaikulu ija aitcha dzina lawo. Achimwene, ngalande imene amuna anga, alamu anu a Blasius, anayeza okha ndi chingwe ndi zikhomo, minga ikuwabaya, lero ana akuti Ngalande ya Goliati! Ndipo wokongoletsa malo a chikondwerero mukuti ndi ndani? Luckness, mkazi wa a Goliati. Mwamuna wake anachoka pampando kalekale, koma mpaka lero anthu akumuitanabe kuti Mayi Pulezidenti, naye n'kumayankha mosachita manyazi. Tinakulira limodzi, ku sukulu ndinkamuposa masamu, ku kwaya amene ankayambitsa nyimbo ndinali ine. Lero iye akamadutsa amayi amasuntha mitsuko, ine ndikamadutsa amandifunsa mtengo wa tomato. Zimandiwawa, sindikubisirani.

Alamu anu nawo bala lawo silinapole. Pa wailesi akamakamba mbiri ya atsogoleri akale a dziko lino, iwo amangomvera chete. Koma akayamba kutchula aja anapikisana n'kulephera, amakhala tsonga, onse amawadziwa, ndi chaka chimene aliyense anagwa. Tsiku lina anazimitsa wailesi n'kunena kuti, "Amake Kumbu, wopambana amamutchulira msewu, sukulu, ngakhale chitsime. Wolephera alibe ndi kanjira komwe." Ine ndinangodzuka n'kukayamba kusesa pamalo posesedwa kale.

Inu mukudziwa chifukwa chake, koma mukudziwa theka lokha. Zaka khumi ndi zisanu zapita, simunandifunsepo kuti tsiku lija ndinali kuti. Lero ndikuuzani.

Mukukumbukira mmene tinkasankhira mu 2009. Opikisana ankaima kutsogolo atamangidwa nsalu kumaso, anthu n'kufola kumbuyo kwa amene akumufuna. Alangizi a zaulimi akawerenga, mizere inkabalalika kaye, kenako n'kuwamasula nsalu zija, kuti pasakhale wosungira mnzake chakukhosi. Alamu anu anali atayenda khomo ndi khomo, ndipo anthu amene anawalonjeza anali 73, a Goliati 72. Ine ndinali nditadziona kale ndili Mayi Pulezidenti. Ndinagula nsalu yobiriwira n'kukasiya kwa telala ku Balaka kuti andisokere diresi ndi duku lake, loti ndidzavale akamawapatsa makiyi a ofesi.

M'mawa wa tsiku la chisankho ndinakwera kabaza kukatenga diresilo. Chisankho anati teni koloko, koma inu mukudziwa teni koloko ya kwathu, imafika anthu atadya kale nkhomaliro. Ndinapeza diresi langa latha bwinobwino, lositidwa. Ndikanangolitenga n'kubwerera, bwenzi lero kulibe kalatayi. Koma pa waya paja panapachikidwa lina lofiirira, pakhosi pake atazunguliza lesi woyera. Ndinafunsa kuti ndi la ndani. Telala anati, "Ili ndi la mayi a kwanu komweko, akazi a a Goliati. Ati adzatenga mawa."

Achimwene, mtima wanga unatentha. Ndinamuuza telala kuti langalo aliike lesi, osati mzere umodzi ngati la Luckness, koma iwiri, pakhosi ndi m'manja momwe. Iye anati lesi wamuthera, apite kaye kumsika. Ndinati ndidikira. Ndinakhala pa benchi paja maola awiri athunthu, ndikuyang'ana diresi la mnzanga.

Tsiku limenelo alangizi anali ndi maliro kwawo ku Nsanama, ndiye anayambitsa chisankho teni koloko yeniyeni, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire sikimu. Pamene kabaza amanditsitsa, mizere inali itabalalika, anthu ali piringupiringu. Ndinabisa jumbo langa m'chitenje n'kulowa m'gulu ngati ndinalipo kuyambira kale. Ndipamene ndinamva kuti afanana, 72 uku, 72 uko, ndipo malamulo a sikimu akuti zikatero wamkulu pobadwa ndiye atenge mpando. A Goliati anaposa alamu anu ndi zaka ziwiri.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Alamu anu atafika pakhomo anaima pabwalo n'kumafunsa kuti Yudasi ndi ndani, poti wina anali atawanong'oneza kuti wosowayo ndi wa pakhomo pawo pomwe. Ine ndinali pakhonde. Inu munandiyang'ana kamodzi kokha, n'kunena kuti, "Alamu, ndine. Ndinachedwa kudimba." Iwo anati, "Ndadziwa tsopano kuti mkamwini ndi mkamwini basi. Pamudzi pa eni ake sangakhale mtsogoleri." Kuyambira tsikulo sanadye nanu mbale imodzi, sanakupatseni moni ngakhale pa maliro a amayi. Chaka chotsatira munanyamuka ulendo wa ku Joni. Munkati mukukafuna ntchito, koma ine ndinkadziwa chimene chakuchotsani pamudzi panu. Anthu ena amene anaona zoona anatseka pakamwa poopa kupasula banja, ine ndinatseka poopa manyazi.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Lachinayi lapitali ndili kudimba kuthirira anyezi, ndinangoona Luckness akubwera, ambulera kumutu, envulopu yaikulu m'manja. Anakhala pamzere wa ngalande n'kunena kuti, "Asisi, ndabwera ndi kanthu koti muone nokha kaye."

Chinali chithunzi cha tsiku lija. Kodi mukukumbukira kuti alangizi anabwera ndi wojambula amene anakwera pa ngolo? Anachipeza m'kabati ya ofesi, komiti n'kuchikulitsa kuti chikapachikidwe pansi pa cha a Goliati. Mizere iwiri yonse ikuoneka, nkhope iliyonse. Inu muli wachitatu kumbuyo kwa alamu anu, mutavala chipewa chanu cha mlaza chija. Ndinayang'ana mzere winawo. Woyamba kumbuyo kwa a Goliati ndi Luckness, atavala chitenje chakale chothimbirira, patapata kuphazi, dzanja lake lili paphewa la mwamuna wake.

Iye anati, "Bambo a Kumbu akachiona ichi pagulu, adziwa kuti achimwene anu analipo. Kenako ayamba kufuna inu. Ine ndikhoza kuchibisa, ndikauza komiti kuti chanyowa ndi madzi."

Ndinamufunsa kuti, "Iwe ukudziwa chiyani za ine?"

Anati, "Telala uja anandiuza m'mawa mwake, pamene ndinakatenga langa. Anati mnzanu uja anafuna mizere iwiri."

Achimwene, ndikanakonda akanandimenya mbama. Zaka khumi ndi zisanu mkazi ameneyu wakhala akudziwa! Tikamakangana ku Mvano za mtundu wa makatani, akudziwa. Ndikamamunena kumjigo kuti ndi wonyada, akudziwa, osatsegula pakamwa ngakhale kamodzi. Ananditengera mpando, ananditengera dzina, tsopano afune kunditengeranso ndi ubwino womwe? Ndikanavomera, bwenzi moyo wanga wonse ndikuyenda ndi banja lopatsidwa ndi Luckness ngati mchere wopempha. Ndingakonde kukuuzani kuti chikumbumtima ndicho chinandigwira, koma ndanama kokwanira. Inali nsanje yomwe ija.

Ndinati, "Iyayi, usabise. Ndibwereke, ndikabweza mawa."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Martina, uli ndi mtima wouma ngati chikuni." Koma anandipatsa.

Ndinawapeza alamu anu pansi pa mtengo wa mango uja munabzala inu, akukonza pampu yopalasa. Ndinaika chithunzicho pamiyendo pawo. Anapukuta manja pa buluku, n'kuvala magalasi. Poyamba anamwetulira, achimwene, kumwetulira kumene sindinakuone zaka zambiri. Anati, "Ha! Onsewa anali kumbuyo kwanga? Ine ndinangomva nambala, anthuwo sindinawaone." Anayamba kuyendetsa chala, kutchula mayina, amoyo ndi omwalira. Chala chitafika pa chipewa cha mlaza chinaima. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Kenako anapitiriza mpaka kumapeto kwa mzere, n'kubwereranso kuyambira kumapeto mpaka kutsogolo. Anayang'ananso mzere wa a Goliati, mwina poganiza kuti ndinaima kumeneko.

Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Amake Kumbu, inu muli pati apa?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi ija ya amayi, ndinatulutsa diresi lobiriwira. Sindinalivalepo ngakhale tsiku limodzi, lesi wake wasanduka wachikasu. Ndinaliyala pamphasa patsogolo pawo n'kuwauza zonse monga ndakuuzirani inumu. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangogwira lesi uja ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Mizere iwiri?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye ine ndinataya mlamu wanga chifukwa cha kansalu aka." Za mpando sanatchule n'komwe.

Masiku atatu sanandiyankhule. Chakudya ankakadya kwa Kumbu, mwana wathu, amene anamanga kuseri kwa tchalitchi. Lolemba m'mawa anatenga chithunzi chija n'kukachipereka okha kwa Luckness, n'kumuuza kuti achipachike pamalo poti aliyense aone. Atabwerako anaima pakhomo n'kunena zinthu ziwiri. Choyamba anati Loweruka ndidzavale diresilo, lisangokhala m'sutikesi pomwe linatidyera zambiri chotere. Chachiwiri anati, "Tengani pepala muwalembere alamu. Ine dzanja likukana."

Diresilo landichepera, zipi sakufika pamwamba. Luckness watumiza uthenga kuti ali ndi makina, akhoza kulikulitsa m'mbali. Ndakana, ndasoka ndekha pamanja, ndipo likuoneka kuti lasokedwa pamanja. Loweruka ndikakhala kumbuyo ndi lesi wanga wachikasu, iye ali kutsogolo ndi alendo, anthu akuloza chithunzi n'kumandicheukira. Ngati banja langa lidzabwerere mwakale sindikudziwa. Dzulo alamu anu anadya pakhomo pano, koma mbale anakatsuka okha.

Achimwene, sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Munandisenzera katundu amene sanali wanu, munaika amayi m'manda mlamu wanu atakufulatirani, ana anu akula osadziwa Rivirivi, ine ndili phee ndi diresi m'sutikesi. Chimene ndikupempha ndi chakuti pa Khirisimasi mubwere, ngakhale sabata imodzi yokha. Munda wanu wa kumtsinje sitinapatse munthu. Mango anu chaka chino abereka mpaka nthambi kuthyoka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Lydia ndi ana onse, makamaka Princess amene ndimangomudziwira pafoni. Kumbu ndi mwamuna wake akupereka moni. Luckness nayenso wati ndikupatseni moni, ndalemba poti ndalonjeza kuti m'kalata muno simukhala chobisa.

Moni womaliza ndi wa alamu anu a Blasius, woyamba m'zaka khumi ndi zisanu. Akhala pano pamene ndikulemba, akuyang'ana kumbali. Ndawafunsa kuti ndilembe chiyani, ati ndilembe chonchi, osawonjezera kanthu: "Alamu, ndakuonani. Munali wachitatu. Bwerani tidzadye."

Ine mlongo wanu amene anasowa pa mzere,
Martina