Pansi Ponyezimira M'nyumba ya Abambo

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ndine Lufeyo, mwana wanu wachisamba.

Kuno tilipo, koma osati kwenikweni. Ndiyambe ndi zabwino, mungandinene kuti ndimakukumbukirani pakagwa zovuta basi. Mlongo wanga Agnesi anachira mwana wamkazi ku Nguludi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kumsewu, ngati mmene munkatiitanira muli kudimba. Chimanga chakanika chaka chino, munda umene anatipatsa kuno ndi wa miyala yokhayokha, koma nandolo wayamba maluwa. Kwathu kwakale sitinapondeko. Pamene panali nyumba yathu pali matanthwe amene napolo anatsika nawo m'phiri m'mawa uja anakutengani.

Nkhani yeniyeni ndi ya abambo. Abale anu atawasudzula anawauza kuti akhoza kubwerera kwawo ku Kadewere, koma anakana. Anati sangachoke asanakuoneni, poti thupi lanu silinapezeke ndipo m'manda tinaikamo thunthu la nthochi. Zaka ziwiri akhala akugona m'chisakasa cha mapepala kuseri kwa nyumba ya Agnesi, chifuwa chikuwadya. Ndiye ndinawamangira nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, zipinda ziwiri, pansi pa konkire. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi pano akugona pofunda.

Koma mukundidziwa. Munkati, "Iwe Lufeyo, maso ako ndi a ngumbi, ukaona chowala basi wapita." Ntchito ija ndinaiphunzira ku Joni, yothira epokisi, utoto wolimba wonyezimira uja, pansi m'nyumba za anthu olemera, ndi imene ikundidyetsa ku Blantyre. Ndinati bambo anga amene anataya zonse apondeko pamene mabwana amaponda. Kunali kunyada, Amayi, sindibisa. Ndinkafuna anthu azibwera kudzasuzumira n'kumafunsa kuti wapanga ndani.

Ndinagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Ndinabwereka jenereta, ndinapala konkire yonse ndi galayinda tsiku lathunthu mpaka fumbi linandilowa m'mano. Ndinamata ming'alu, ndinasesa, ndinapukuta, kenako ndinapaka utoto woyamba wakuda. Mawa lake ndinasakaniza mankhwala awiri aja m'chidebe. Akangokumana amayamba kutentha, ndipo ukazengereza amaumira momwemo, choncho sumva ngakhale wina akukuitana. Ndinathiramo ufa wonyezimira, wina wofiirira ngati kopa, wina wakuda, wina woyera pang'ono. Ndinavala nsapato za misomali kunsi kuti ndisasiye mapazi, n'kumakhuthula m'mizere yokhotakhota, kumakoka ndi rola, mitundu ija ikulowana yokha. Ndinatseka zitseko ndi mazenera masiku atatu kuti ntchentche isatere. Nditatsegula ndinadziombera m'manja. Chiyambireni ntchitoyi sindinapangepo pansi pokongola chotero.

Lamlungu titachoka ku Misa ndinawagwira dzanja abambo kuti akaone. Atafika pakhomo anaima. Dzanja lawo linandifinya mpaka kupweteka. Agnesi anabwera pambuyo ali ndi mwana kumsana, anangoyang'ana kamodzi n'kugwira pakamwa.

"Achimwene, mwapanga chiyani? Amenewatu ndi madzi aja."

Amayi, ine napolo ndinamupeza atauma. Tsikulo ndinali ku Blantyre, ndinafika patapita masiku awiri, matope atayamba kung'aluka. Sindinaone mmene ankaonekera akuyenda. Abambo anaona, chifukwa anakugwirani mkono mpaka munapulumuka m'manja mwawo. Agnesi anaonanso ali pachulu. Akuti madziwo anali chimodzimodzi, ofiirira, akuda m'kati, thovu loyera likuzungulira pamwamba. Ine ndi manja angawa ndinatenga m'mawa umenewo n'kuuthira m'chipinda chawo chogona, n'kuuumitsa kuti usadzachoke.

Ndinkayesa abambo athawa. Bola akanathawa. Anagwada pakhomo, n'kuika nkhope pafupi ndi pansi, kumayang'ana. Epokisi ameneyu amaoneka wakuya, ngati ungapisemo mkono, ndipo dzuwa likasuntha mizere ija imakhala ngati yasunthanso. Patapita nthawi anati, "Amako ali m'menemu. Madzi akadikha aoneka."

Papita milungu isanu. Kukacha amabwera ndi kampando kawo, amatsegula chitseko, amakhala. Kuponda samaponda, akuti angakupondeni. Amakuuzani za mbuzi, za mwana wa Agnesi, nthawi zina amakukalipirani kuti munabwereranji m'nyumba kukatenga chitenje. Chakudya amadyera pomwepo, akadya n'komwe. Kugona amagona pakhonde, kuti mukatuluka musawasowe. Chisakasa chija chinali bwinoko, chinkatchinga mphepo.

Tinayesa kuyala mphasa chipinda chonse. Anazikoka ndi ndodo yawo imodziimodzi n'kuziponya pabwalo. "Mukumuphimbiranji? Apuma bwanji?" Ndinawagwadira, ndinawauza kuti ndi utoto chabe, ndinalowa n'kudumphadumpha kuti aone kuti ndi pouma. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo. "Tuluka, mwanawe. Wamuponda pamutu." Ndinatuluka ndikulira ngati kamwana, bambo wa ana atatu.

Mlungu watha ndinabwera ndi galayinda kuti ndipale zonse. Anagona chopingasa pakhomo. Anati ndikafuna ndiyambe kupala iwowo. Ndinabwerera.

Tsopano chiperoni chayamba. Phiri silikuoneka ndi nkhungu, ndipo mame amanyowetsa bulangete lawo ngati lachapidwa. Dzana anatsokomola magazi. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza kugona panja, nyengo yozizira ino saimaliza. Ndakwiya, Amayi. Ndadzikwiyira ndekha, ndawakwiyira abambo, ndipo mundikhululukire, masiku ena ndimakukwiyiraninso inu chifukwa cha chitenje chimenecho.

Ndiye ndikuuzeni zimene tapangana ndi Agnesi, poti kwa inu sindinanamepo. Lachinayi Agnesi awatenga abambo pa kabaza kupita nawo ku Nguludi kukapimitsa chifuwa, ndipo akawachedwetsa mpaka madzulo. Akangokhota pamsewu ndiliza jenereta. Epokisi ndi wouma mutu, sachoka msanga, koma ndikayamba m'mamawa pofika dzuwa lopendeka ndidzakhala nditafika pa konkire. Akadzabwera adzapeza pansi potuwa, pafumbi, popanda choyang'anamo.

Ndikudziwa chimene ndikuwachita. Milungu isanu imeneyi ndi yokhayo imene abambo akhala ndi mkazi wawo chichokereni inu. Ndawamva akuseka, Amayi, koyamba m'zaka ziwiri, akuseka nanu pakhomo paja. Phiri linawalanda kamodzi, ndipo Lachinayi ndiwalanda ndine. Mwina sadzandilankhulanso. Mwina adzanyamuka ulendo wa ku Kadewere osatsanzika. Agnesi akuti nanga akafa ndi chisoni m'malo mwa chifuwa, tidzati tapulumutsa chiyani?

Ngati kumeneko amalola, abwerereni kumaloto Lachinayi lisanafike. Auzeni nokha kuti simuli pansi pa nyumbayo. Ine sandimvera, koma inu sanakutsutsenipo.

Mukalephera, ndidzapala ndithu. Ndikulonjezani kuti mwamuna wanu agona m'nyumba chisanu chino, chitseko chotseka, ngakhale azigona akunditemberera.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Lufeyo