Makuponi a Masamba a Mango

Aphungu,

Ine sukulu sindinapondeko, ndiye kalatayi akundilembera a Esau, mlembi wa mpingo wathu, amene amatiwerengera tsamba lanuli tikatuluka m'tchalitchi. Ndawauza kuti alembe mmene ndikunenera. Mundipirire, ine nkhani ndimaiyambira patali.

Ine ndi mayi a kunyumba, a Lefina, tikulera adzukulu awiri. Mayi wawo, mwana wathu Sellah, amaphika pa malo ogona alendo ku Lifupa ndipo amabwera mwezi ukatha. Wamkulu ndi Thandizo, wa zaka zisanu. Wamng'ono ndi Sunganani, amene wayamba kulumikiza mawu chaka chomwechino. Pakhomo pathu panali zii, koma chibwerere ana amenewa ndimaseka mpaka nthiti kuwawa. Thandizo ndi wotengera. Ndikatsokomola, nayenso amatsokomola n'kugwira msana.

Mwezi watha tinapita kukalandira makuponi a feteleza wotsika mtengo. Thandizo anakakamira, ndiye ndinamukweza pa njinga. Anaona zonse: mzere, kuitana maina, ndi ine ndikudinda chala. Kutacha, anaitana ana anzake n'kuyambitsa masewera atsopano m'chigafa mwanga, poti fodya sanafike pothyola ndipo muli malo. Makuponi ndi masamba a mango. Inki ndi makala osinja. Mchenga ndi feteleza wokulitsa, phulusa ndi wobereketsa, ndipo amayeza ndi chitsekerero cha botolo. Thandizo mwini wake amakhala pa chidebe, chikatoni m'manja ngati kaundula. Sunganani ndiye wapolisi, ndi phesi la chimanga, ngakhale kabudula amangomuvuka.

Tsiku lina ndinaima nawo pa mzere. Nditafika kutsogolo anandiuza kuti, "Agogo, zatha, mubwere mawa." Mbuzi yathu inalandira tsamba n'kulidya pomwepo, Thandizo n'kugamula kuti yagulitsa kuponi yake kwa mavenda, isadzalembedwenso. A Lefina anaseka mpaka kukhala pansi.

Tsopano ndifike pa vuto. Kumalire kwa munda wathu kuli esiteti, ndipo mu Ogasiti kunabwera banja la matenanti lochokera ku Phalombe. Ali ndi mwana, Feliya, msinkhu umodzi ndi Thandizo. Awiriwa anakondana tsiku loyamba. Amaluma mango amodzi mosinthana. Mayi a Feliya ankamusiya kwathu akamapita kukathirira nazale ya fodya.

Lachiwiri lina Feliya anaima pa mzere, dzanja atatambasula kale. Thandizo anayang'ana chikatoni chija nthawi yaitali, n'kupendeketsa mutu. "Inu dzina lanu mulibe. Ndinu atenanti, mukalembetse kwanu."

Ana onse anaseka. Ndivomere, inenso ndinaseka, chifukwa mawuwo ndi kapendekedwe ka mutu komwe zinali zanga. Tsiku la makuponi lija ndinabwera nditakwiya, poti anatiuza kuti thumba limodzi tigawane ndi nyumba ina. Ndili pakhonde ndinadandaula kwa a Lefina kuti zinthu n'zochepa kale, nanga matenanti akudzaimiranji pa mzere, akalembetse kwawo. Thandizo anali pambali akuswa mtedza wa mbewu. Ndinkayesa kuti maganizo ake ali pa mtedza.

Masana mayi a Feliya atabwera kudzatenga mwana, anapeza ana onse zala zili bii, wawo yekha chala choyera. Anafunsa, ana n'kuwafotokozera monyadira. Sanakalipe. Anangouza a Lefina kuti, "Pa mzere wa akuluakulu anatibweza, tinamva. Koma ndi wa masamba womwe, amayi?" Anabereka mwana wawo, wamkulu choncho, n'kumapita.

Papita masabata awiri. Feliya tsopano amapita nawo ku nazale, n'kumakhala padzuwa. Thandizo wasomeka tsamba limodzi lalikulu kudenga la chigafa ndipo salola munthu kulikhudza. Dzulo wandifunsa kuti, "Agogo, kodi Feliya alembedwa liti?"

A Esau akuti ndiletse masewerawo. A Lefina akuti mwana alibe mlandu, pofunika kukonza ndi pakamwa panga. Ine ndinaganiza zotumiza nkhuku, koma kuti ndipite ndekha, imvi zonsezi, kukapepesa kwa mayi wa msinkhu wa Sellah, miyendo ikulemera. Chikundiwopsa n'chakuti anthuwa fodya akagulitsidwa adzabwerera kwawo, ndipo ana awiriwa adzasiyana asanagwirizanenso. Nditani?

L.M., Santhe

Agogo L.M.,

Kalata yanu yandiseketsa, makamaka mlandu wa mbuziyo. Muli ndi mdzukulu wa maso akuthwa, ndipo inu ndinu munthu woona mtima, chifukwa mwazindikira mawu anu m'kamwa mwa mwana ndipo simunawakane. Ambiri akadangothyola kamtengo.

A Lefina akunena zoona. Masewera musaletse. Thandizo sanadane ndi Feliya. Anangofuna kugwira ntchito yake molondola, monga anaonera kwa akuluakulu. Tsamba lili kudengalo likukuuzani kumene kuli mtima wake. Akudikira kuti munthu wamkulu amuuze kuti n'zololedwa.

Nkhuku isatsogole. Mukatumiza nkhuku inu muli pakhonde, mayiwo adzaona kuti mwalipira kuti musaonane nawo. Pitani inu eni ake sabata ino, pamodzi ndi a Lefina, pa nthawi imene bambo a Feliya aweruka ku ntchito. Mukakhale pamene akuyalireni. Musakanene kuti ndi zachibwana, chifukwa chimene chinawapweteka sichinachokere kwa mwana. Mukanene poyera kuti mawu aja anali anu, munawayankhula mutakwiya, ndipo munalakwa kuseka. Imvi zanu sizidzachepa. Anthu amene azolowera kubwezedwa pa mizere sadzaiwala tsiku limene bambo wa imvi anayenda wapansi kudzawapepesa. Ngati sakumasukirani tsiku lomwelo, musawakakamize. Mukangowauza kuti pakhomo panu pali mthunzi, ndipo ku nazale si malo a mwana wa zaka zisanu.

Kenako khalani pansi ndi Thandizo. Musamuuze kuti analakwa. Muuzeni kuti agogo ndiwo analakwitsa kaundula, ndipo kuti m'chigafa mwanu aliyense wobwera amalembedwa. Mumulole atenge tsamba lake lija ndi makala, akamulembe yekha mnzake.

Za makuponi enieni, mkwiyo wanu ndikuumva. Kugawana thumba limodzi nyumba ziwiri n'kowawa. Koma amene anachepetsa makuponi si banja la ku Phalombe, limene labwerera chimanjamanja. Dandaulo lanu mukalitule ku komiti yolemba maina, ndipo mukafunsenso kuti anthu okhala pa esiteti amayenera kulembetsa kuti. Yankho lake mukawapatse anansi anuwo. Sellah akabwera mwezi ukatha mumufotokozere zonse, asamvere kwa ena.

Chenjezo langa ndi ili: mwana akamaswa mtedza, makutu ake sakhala pa mtedza. Zimene muyankhule pakhonde sabata ino mudzaziona m'chigafa sabata yamawa, mutu wopendekeka ndi zonse. Ndipo tsiku limene depoti ya Thandizo idzatsegulidwenso m'chigafamo, inu mukaime pa mzere kumbuyo kwa Feliya. Akakuuzani kuti zatha, muvule chipewa, muthokoze, mubwere mawa.

Aphungu