Mphira za Pijo ya a Crispin

Nchilamwela, Thyolo
18 Julaye 2023

Okondedwa Achemwali Magdalena,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno chiperoni chatigwira sabata yonse, tiyi tikuthyola manja ali njenjenje. Kalatayi ndapatsira a Hamdan oyendetsa thiraki, chifukwa nkhani yake si yapafoni.

Ndiyambe ndi kuthokozanso katundu munatumiza mu Febuluwale uja, mphira za magalasi ndi timizere tonyezimira ta m'mbali mwa mawindo. Mukudziwa kuti Pijo yakale ija, imene inakhala zaka makumi awiri kuseri kwa galaja ya esiteti nkhuku zikuikiramo mazira, a Crispin anali ataikonza zonse, kungotsala mawindo. Ankati simudzakwera galimoto yodontha pa tsiku la ukwati wa inu ndi iwo.

Koma kuika galasi ndi ntchito ya anthu awiri. Mphira amaiveka kaye m'mbali mwa galasi, n'kulowetsa chingwe mumpata mwake, n'kupaka madzi a sopo. Wina amakanikiza galasi kunja, wina amakoka chingwe m'kati pang'onopang'ono kuti mlomo wa mphira ulume chitsulo. Anzawo a kugalaja ankakoka mwaphuma mpaka anatsala pang'ono kung'amba mphira imodzi. Ndinu munandiuza pafoni kuti, "Fainess, usamangokhala, uzikawathandiza."

Ndinapita. Ine ndinakhala m'kati, iwo kunja, nkhope zathu zitalekana ndi galasi lokha.

"Usathamange," anatero. "Mphira yatsopano imafuna kunyengerera."

Galasi lakutsogolo linatidyera Loweruka lonse. Litakhazikika, anathira ndowa ziwiri za madzi pamwamba, m'kati osalowa ngakhale dontho. Kenako analowa, anakhala pambali panga, n'kutseka chitseko. Phokoso la fakitale silinamvekenso. Mphira munagulazo ndi zabwino, achemwali.

Ndili ndi pakati pa miyezi inayi, pa a Crispin. Ankhoswe anakumana kale, ndipo ukwati wathu uliko pa 26 Ogasiti, kutchalitchi komwe kuja munasankha inu. Diresi lanu linali m'sutikesi ya amayi lija telala walikulitsa m'chiuno, likundikhala bwino.

Amayi analira masiku awiri. Tsiku lachitatu anati, "Mimba siibwerera. Mkulu wakoyo ali pantchito, apeza wina konko." A Crispin ndinawafunsa ngati angakulembereni okha. Anandiyankha kuti, "Ndinene chiyani? Zaka zinayi munthu akungoti ndibwera chaka chamawa." Nambala anasintha, ndiye musavutike n'kuimba.

Ndikanatha kulemba kuti pepani, koma mumandidziwa, sinditha kunama. Bambo atamwalira, ndine ndinasiya sukulu Sitandade 7 n'kubereka dengu la tiyi kuti inu mufike Folomu 4. Palibe anandipepesa. Nsapato, bulangete, ngakhale dzina labwino pamudzi, zonse zinkayamba ndi inu, ine n'kumalandira zitatha kale. Ulendo uno ndayamba ndine.

Tsopano pempho langa. Kachitsulo konyezimira kolumikiza mzere wa windo lakumbuyo, chakumanzere, munalibe m'katoni muja. Popanda iko mzerewo ukutukuka, ndipo pazithunzi pazidzaoneka. Ku Limbe tafunafuna, kulibe. Sitolo yake mukuidziwa ndinu. A Hamdan anyamuka kumeneko pa 10 Ogasiti, muwapatsire. Mukakana tingomata ndi guluu, koma a Crispin akuti siinu munthu wosiyira ntchito panjira.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda poti kumeneko kukuzizira. Anzanu a kwaya akufunsa ngati mudzabwere. Ndawauza kuti mabwana anu sangakuloleni, ndiye nkhani imeneyo ndakuthetserani kale. Alamu anu nawonso akuti moni.

Ndine mng'ono wanu,
Fainess