Ulusi Wofiira wa pa Parachuti

Pa 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndine mlongo wanu uja munaleka kumutchula zaka makumi atatu zapitazo. Zilembo zokhotazi ndi zanga. Ndaphunzira kulemba imvi zili mbuu, kusukulu ya akuluakulu, ndipo kalatayi yanditengera masiku anayi. Chonde musaing'ambe musanafike pansi.

Loweruka lathali gulu lathu la asilikali a ndege linakwanitsa zaka makumi asanu. Ife akale anatiitana, natikhazika kumbuyo kwenikweni m'chishedi chomwe kale munkagona ndege. Mkulu wina anawerenga mbiri yonse: ndege zinayi zoyamba zija tinagula zitatopa kale, chaka cha madzi osefukira pamene tinkaponyera chakudya anthu okakamira pa madenga, ndiponso nkhondo ya kumalire. Mwana wanu Kabawi anamutchula pakati pa akufa, mothamanga ngati akuwerenga katundu wa m'sitolo.

Mukukumbuka kuti ntchito yanga inali kupinda maparachuti, ziambulera zimene woyendetsa ndege amadumpha nazo zinthu zikavuta kumwamba. Tebulo lalitali, nsalu yoterera, zingwe zoti uzipese chimodzichimodzi ngati tsitsi la mwana. Lamulo linali lakuti wopinda asaine pa kakhadi kokhala m'thumba la parachutiyo. Poti ine sindinkalemba, a Sajeni, mkulu wanga pantchitopo, ankaikapo dzina lawo. Ine ndinkangosoka timfundo titatu ta ulusi wofiira kunsi kwa lamba kuti ndizidziwa zanga. Dzina la Singano linachokera pamenepo.

M'chishedimo aika parachuti ina m'bokosi lagalasi, ija inapulumutsa mkulu wa gulu lonse ndege yake itagwira moto. Pansi pake alembapo kuti anapinda ndi a Sajeni. Ndinawerenga ndekha, chala chili pagalasi. Nditawerama, timfundo tanga titatu tili pomwepo.

A Sajeniwo anatulukira akuwakankha pa njinga ya olumala, mendulo zikulira pachifuwa.

"Singano, ukadalipo? Ndimayesa chiswe chinakumaliza."

"Ndikudikira mutsogole ndinu, bwana. Paja mumakonda dzina lanu likhale poyamba. Taonani ulusiwu, ndi wa yani?"

Anayang'ana kumbali. "Buku asindikiza kale, mdala iwe. Pita ukalandire chakumwa chisanathe."

Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa chifukwa cha bodza lawo. Koma nditakhala pa khonde ndinaona kuti nanenso ndili ndi langa, ndipo langalo ndalisunga kwa inu.

Kabawi ankakonda kunena kuti, "Malume, yanga muzipinda ndinu. Enawa amapinda ngati akumanga mtolo wa zochapa." Tsiku limene parachuti yake inkayenera kupindidwanso, dzino linandisautsa. Ndinazemba masana osapempha chilolezo, kukalizulitsa. M'mawa mwake ndinaipeza ili pa shelefu, yopindapinda. A Sajeni anati, "Ndakuthandiza, usandithokoze."

Achemwali, ndikanaimasula. Inali ntchito ya ola limodzi. Koma kumasula chimene wapinda mkulu wako kumeneko amati mwano, komanso ndinaopa kuti andinenera za kuzemba kuja. Kabawi atabwera kudzatenga, anaiponya paphewa nandifunsa akuseka, "Mwapinda ndinu, eti malume?" Tsaya linali lotupa. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Iye sanatembenuze lamba kuti aone ulusi. Akanatembenuziranji, malume ake atavomera?

Patapita masiku asanu ndi anayi injini ya ndege yake inazima, anadumpha, zingwe zinali zopiringizana.

Ofufuza pobwera, kakhadi kaja kanali katasowa. Anandiikira pepala patebulo nati ndi la mwambo chabe, ndidinde chala. Ndinadinda. Pepalalo linkanena kuti ndinapinda ndine. Anandichotsa ntchito, inu munamva, ndipo pa maliro munandiuza pamaso pa anthu kuti mlongo mulibe. Ndinakhala chete chifukwa choonadi sichinali chokoma kuposa bodzalo. Manja anga sanamuphe mphwanga. Mutu wangawu ndiwo unagwedera.

Choncho sindikupempha kuti mundiyeretse. Amene apulumutsa amalembedwa wina, amene apha amalembedwanso wina, ndazolowera. Ndikupempha chimodzi. Adokotala akuti mtima wanga watupa, ndisamayembekeze zambiri. Mundilole ndidzaime pa manda ake kamodzi. M'nyumba mwanu sindilowa, madzi anu sindimwa. Ndidzatsika basi ya m'mawa n'kubwerera ya masana.

Ndikudziwa kuti maso anu mwina afooka ngati anga, ndiye musavutike ndi kulemba. Mu envulopumu ndaikamo kaulusi kofiira kopanda mfundo. Mukandilola, mangani mfundo imodzi, mukatumize. Kakapanda kubwera, ndidzamvanso.

Moni kwa alamu, ngati akadali moyo, poti palibe wondiuza. Moni kwa adzukulu anu amene sadziwa kuti ndilipo. Inu Mulungu akusungeni, miyendo isamavute. Ndipo mukapita kukalambula kumene wagona Kabawi, ngakhale ine mundikane, mumuuze kuti funso lija anandifunsa, yankho lake linali ayi.

Ndine mlongo wanu,
Singano