Chinyezi m'waya wa sensa

Lachinayi, Januwale, Kanyama

Lero mtima wakhala pansi. Sabata yonseyi makina athu otsekera mabotolo a maheu akhala akutizunza. Sensa yake ndi kachitsulo kokhala ndi kamwala m'kati. Kamwalako kakapanikizidwa kamatulutsa timagetsi, ndipo timagetsito ndi timene timatiuza mphamvu imene makina akukanikizira chivindikiro. Koma manambala osonyeza mphamvuyo ankangoyenda okha ngakhale makina ali chilili. Mabotolo ena ankasweka, ena ankadontha.

M'mawa ba Tembo, akapitawo athu, anati, "Ngati sivizasila lelo, laini tivala, makina tizimya. Bonse ku nyumba mpaka sensa ya nyowani ibwele." Ndinayang'ana ba Mwanza, amene angoyamba kumene ntchito amuna awo atamwalira. Iwo anangowerama.

Ine ndi ba Zulu, injiniya wathu, tinachotsa sensayo n'kukaiyesa pa benchi yogwirirapo ntchito ndi waya wina. Inali bwinobwino. Titamasula waya wa pa makina, tinapeza chinyezi polumikizira. Tinapukuta ndi sipiriti, n'kuumitsa, n'kumanganso. Nambala inaima nji! Ba Zulu anaseka mpaka kutsokomola: "Mwaona? Ni manzi chabe!"

Poweruka, ba Mwanza anandigwira dzanja pa geti, ndipo tinayenda choncho mpaka pokwerera basi.

Chondivuta n'chimodzi. Madziwo akuchokera kudenga, pamwamba penipeni pa makina, ndipo palibe amene wakwerapo. Mawa ndiwauze ba Tembo ndisanavale n'komwe ovolosi, chifukwa mitambo ya mvula yada kale cha ku Makeni, kufupi ndi kuno...