Zitseko Ziwiri za Nyumba Yanga

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa alongo anga,

Ndiyambe ndi amuna anu, alamu anga a Mataye. Ndi iwo aja anabwera titangoika mkazi wanga m'manda, n'kunyamula mwana wanga akadayamwa chala, ati akamuphunzitse sukulu, akamaliza adzabwerera kwa ine. Inu munali pomwepo, mutagwira kachikwama ka zovala zake. Za ine ndi botolo la mowa musayambe n'komwe, si nkhani ya kalata ino.

Mwanayo anafika kuno sabata yatha ndi mankhwala a mtima amene munamupatsira. Wakula, ndipo mayendedwe ndi a mayi ake enieni. Kungolowa anati, "Amalume, mwaonda chonchi bwanji?" Ndinayankha kuti ndi ukalamba.

Ndinamufunsa za ntchito imene amagwira m'chipinda chawo chofufuzira zinthu. Anaseka, nati, "Amalume, mugona ndisanafike pakati." Ine ndinati, "Iwe, sukulu ndinaisiyira panjira, koma mutu ndinabwera nawo." Ndiye anafotokoza. Akuti thupi lonseli ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo muli tizipinda topangira mphamvu, tokutidwa ndi kakhungu kosalola chinthu kungodutsa. Pali kanthu kena kotchedwa sakisineti, kofunika pa ntchito ya mphamvuyo, koma pakokha sikangaboole kakhunguko. Kamachita kunyamulidwa ndi puloteni yokhala m'kakhungu momwemo.

Ataona kuti ndasokonezeka, ananditulutsa panja, n'kutsegula chitseko cha kumsewu. "Inu ndinu sakisineti, lowani." Ndinalowa m'nyumba yanga yomwe ngati mlendo. Anatseka, kenako n'kutsegula chakuseri kumene ndimayanika zovala. "Mwaona? Sizitseguka zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndipo puloteni imene ndikufufuza ineyo singotenga ayi. Ikadutsitsa kanthu kamodzi, imabweza kena ku mbali imene yatengako."

Ndinaima pakati pa zitseko ziwirizo. Ndinangofunsa kuti, "Nanga ikapanda kubweza?" Iye anati, "Imaima pomwepo, amalume, siingatengenso china."

Chichokereni iye sindikukhazikika. Ndikumatsegula chitseko ichi, kutseka, kukatsegula icho, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nayo wandifunsa ngati ndikuthamangitsa khoswe. Wailesi ndikumayatsa n'kuzimitsa nyimbo isanathe. Nsapato za anthu zangounjikana pabenchi, nyundo ndikaigwira ndikumaiwala chimene ndimafuna kukhoma. Kanthu kosaoneka ndi maso kakudziwa kubweza, koma alamu anga, munthu wamkulu wovala taye, akhala chete mpaka mwana kumera imvi ziwiri pachipumi. Ndaziona ndekha.

Sindikukana, mwamulera bwino. Ine ndi ulusi wanga wosokera nsapato sindikanamufikitsa kumene wafikako, ndipo sindikufuna kukulandani. Ndikanatha kumuuza ndekha atakhala pampando wangawu, koma akanati nkhalamba yayamba kubwebweta, kapena akanakhulupirira n'kudana nanu. Amene anatseka chitseko ndi yemweyo atsegule.

Adokotala akuti mtima ukutupa. Ndikamapita kogula buledi ndikumapumira pakhonde la telala. Choncho pempho langa ndi limodzi, ndipo sindidzapemphanso lina. A Mataye amukhazike pansi mwanayo, amuuze ndi pakamwa pawo kuti ine ndine ndani. Akatero abwere, agogode chitseko cha kumsewu, andiitane moyenera kamodzi kokha, makutu anga akadamva.

Moni kwa alamu. Muwawerengere kalatayi mokweza, poti magalasi awo amasowa nthawi zonse ikafika kalata yanga. Inunso dzisamaleni ndi miyendo yanuyo. Kwa mwanayo musapereke moni wa amalume, walandira wokwanira.

Ndine mlongo wanu,
Bambo ake a mwanayo